Mphepo Ikaleka, Tidzatsamira Pati?

Kuwerenga: Yeremiya 17:5-8, Yohane 5:1-9, Afilipi 4:10-20

Musanapitirire, tsegulani Buku Lopatulika muwerenge ndime zitatu zili pamwambazi, chifukwa sindizilembanso muno, ndipo amene saziwerenga atsalira m'njira.

Lero tikambirana za kudalira, ndipo ndiyamba ndi munthu amene sanamvepo dzina la Yesu, popeza anamwalira zaka pafupifupi 300 Ambuye asanabadwe. Wina afunsa kuti, kodi munthu wakunja akufunanji m'magazini ya Mpingo? Kumbukirani kuti mtumwi Paulo ali ku Atene, pa Machitidwe 17, anatchula zimene olemba ndakatulo a Ahelene ananena, kenaka anawatengera omvera ake kwa Khristu woukitsidwa. Ifenso tingathe kumvetsera funso la munthu wakunja, yankho lake n'kulifuna m'Mau a Mulungu.

Ife okhala kuno ku Silverest, anthu a ku China sitichita kuwamvera pa wailesi ai. Nyumba za ku Silverest Gardens inamanga ndi kampani ya ku China. Nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, imene inatsegulidwa mu 2021, anamanganso ndi anthu a ku China. Simenti yao ndi zitsulo zao tikuzidziwa bwino, koma zimene anzeru ao akale anaphunzitsa zokhudza mtima wa munthu, ambiri a ife sitinazimvepo. Ngakhale kusukulu za sekondale, phunziro la zipembedzo lakhala likukhudza Chikhristu, Chisilamu, Chihindu ndi chipembedzo cha makolo athu, osati Chitao. Komatu musaganize kuti aliyense wochokera ku China amene mwakumana naye pamsika ndi wa Chitao. Ena ndi Akhristu anzathu, ndipo ambiri satsata chipembedzo chilichonse.

Liu lakuti Tao, limene ena amalemba Dao, limatanthauza njira. Otsata chiphunzitsochi amati pali Njira yosaoneka imene zinthu zonse zimachokerako ndi kuyendamo, ndipo munthu wanzeru amaleka kulimbana nayo, n'kumayenda nayo monga madzi atsata chigwa. Mabuku ao akuluakulu ndi awiri. Loyamba ndi Daodejing, la mitu yaifupi 81, limene amati analemba ndi Laozi. Lachiwiri lili ndi mitu 33 ndipo limatchedwa ndi dzina la mwini wake, Zhuangzi. Ameneyu ndiye tikumufuna lero. Anali munthu wokonda kuphunzitsa ndi nthano, monga ankachitira agogo athu madzulo pamoto.

M'mutu woyamba wa buku lake muli nthano ya chinsomba chachikulu cha m'nyanja ya kumpoto, dzina lake Kun, chimene chimasanduka chimbalame chotchedwa Peng. Mapiko ake ndi aakulu ngati mitambo. Chikafuna kupita ku nyanja ya kum'mwera, chimakwera m'mwamba mtunda wa ma li 90,000, potengera muyeso wao wa mtunda. Nyenje ndi kanjiwa zimachiseka, chifukwa izo ulendo wao wonse umathera pa nthambi ya mtengo wapafupi. Owerenga ambiri amasirira chimbalamecho, koma Zhuangzi akuonetsa chinthu china: madzi akachepa sanganyamule bwato lalikulu, ndipo mphepo ikachepa singanyamule mapiko aakulu. Chimbalame chija, ndi ukulu wake wonse, chimayenera kukhala pansi kufikira mphepo yamphamvu itafika.

Akachoka pa mbalame amatembenukira kwa anthu. Pali wantchito wa boma amene amanyadira kampando kake, wofanana ndi kambalame kakang'ono kaja. Pali Song Rongzi, amene dziko lonse likamtama satukumuka, likamnyoza sagwa mphwayi. Pamwamba pa awa pali Liezi, amene nthano imati ankakwera pa mphepo n'kuyenda masiku 15 asanabwerere. Tangoganizani, amai, ulendo wa ku Chipata wopanda kulipira basi! Koma Zhuangzi akuti ngakhale Liezi sanafike pa ufulu weniweni. Anapulumuka ku vuto loyenda pansi, inde, koma anali kudalirabe chinthu china. Mphepo ikaleka, nayenso wagwa.

Liu limene anagwiritsa nchito pamenepa m'chinenero chao ndi dai, ndipo lili ndi matanthauzo awiri, kudikira ndi kudalira. M'chinenero chathu mau awiriwa ndi apachibale ndithu. Amene umamdalira ndiye umamdikira. Ndipo munthu wodikira sali mfulu: sangachoke pamalopo, sanganene zakukhosi, tulo take tili m'manja mwa wina. Chiphunzitso cha Zhuangzi ndi chakuti munthu amakhala mfulu mumzimu pokhapokha ataleka kudikira chilichonse, kaya chuma, kaya mbiri, kaya kuyamikiridwa.

Pa nthenda imeneyi mkuluyu anaona bwino, ndipo dziko lathu lomwe ndi mboni. Azungu a ku Rhodesia atadzilengezera ufulu mu 1965, mkuwa wathu unali kudalira njanji yodzera kum'mwera, m'manja mwa anthu amene sankatifunira zabwino. Kuti tituluke m'goli limenelo inamangidwa njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, pakati pa 1970 ndi 1975. Anthu anaitcha njanji ya ufulu, ndipo inatithandizadi. Koma inamangidwa ndi ngongole ya ku China. Patapita zaka, mu November 2020, dziko la Zambia linalephera kubweza pa nthawi yake zina mwa ngongole zake zakunja, ndipo tinakhala zaka tikudikira kuti amene anatikongoza agwirizane chochita nafe. Tinasiya kuyenda pansi, tinakwera mphepo, monga Liezi.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zomwezi m'makhitchini mwathu. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo miyezi ina malaiti ankazima kufikira maola 21 pa tsiku. Nyumba zambiri kuno zimamwa madzi a m'zitsime zokumba ndi makina, ndipo pampu yake imayendera malaiti. Munaona nokha nyumba zokongola za matailosi, geti lachitsulo, koma pampopi pali gwa. Amai a saluni anakhala manja lende. Amai ogulitsa nkhuku za mufiriji anataya katundu. Amene tinaiwala mbaula tinaifunafuna, ndipo malasha anakwera mtengo.

Zhuangzi ali ndi kanthano kena ka mthunzi umene unafunsidwa chifukwa chake sukhazikika, pena waima, pena wakhala. Mthunziwo unayankha kuti umatsata chinthu china, ndipo chinthu chimenecho nachonso chimatsata chinzake. Ndi mmene zinalili ndi mpopi wathu. Mpopi unkadikira pampu, pampu inkadikira malaiti, malaiti ankadikira Kariba, Kariba ankadikira Zambezi, ndipo Zambezi ankadikira mvula yogwa kutali, kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino ndi ku Angola. Palibe ndi mmodzi yemwe mu mzere umenewu amene akanatha kuitana mtambo.

Koma nkhani ya maiko ndi madamu ndi yosavuta kuikamba, chifukwa siitichititsa manyazi. Tiyeni tilowe m'nyumba.

Pali amai amene mtendere wao wonse uli mu foni. Mwana wao wa ku Johannesburg kapena wa ku Kitwe akatumiza ndalama pa 30, amabwera ku Chigwirizano akuyimba mokweza. Likafika tsiku la 5 foni isanalire, pemphero limauma, nkhope imagwa, ndipo aliyense wa m'nyumbamo amadziwa kuti lero tisayandikire. Pali amai amene analowa kaloba kuti ukwati wa mwana wao umveke mpaka ku Chongwe, ndipo tsopano amayenda njira yozungulira popita ku tchalitchi kuopa kukumana ndi mwini ndalama. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Pali ena amene sadalira ndalama konse, koma amadalira kutamidwa: akapanda kutchulidwa dzina pa zolengeza, nchito ya Ambuye amaisiya pomwepo. Pamenepa Song Rongzi, munthu wosadziwa Mulungu woona, akutiposa.

Musandimve molakwika. Kulandira thandizo kwa ana si tchimo. Pa 1 Timoteo 5 Paulo akulamula ana ndi adzukulu kuti asamale amasiye a m'banja mwao. Agogo amene amalandira ndalama za boma zothandizira ovutika sanachimwe. Dzanja lingathe kulandira mtima uli mfulu. Chimene chimaonetsa kuti mtima wagwidwa ndi ichi: kodi ndi choonadi chiti chimene mwachimeza chifukwa cha amene amakudyetsani?

Dera lathu ladzaza atsikana ophunzira m'mayunivesite ndi m'makoleji. Tonse tikudziwa kuti ena mwa iwo fizi ndi lendi amawalipirira ndi abambo aakulu, amuna a eni ake. Ndipo kumbuyo kwa mtsikana wotere nthawi zina kuli mai wovala yunifolomu ya Chigwirizano, amene amaona thumba la ufa ndi mafuta ophikira zikulowa m'nyumba, amadziwa bwino kumene zachokera, koma safunsa. Pakamwa pake patsekedwa ndi thumba la makilogalamu 25. Palinso wamasiye amene abale a mwamuna amulanda nyumba ndi katundu. Lamulo la dziko lino la chaka cha 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 20 pa 100 a chuma ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 ndi a ana, 20 ndi a makolo, ndipo 10 ndi a ena amene ankadalira womwalirayo. Amai ambiri amalidziwa lamuloli, koma amakhala chete poopa kuti alamu akakwiya adzasiya kulipirira ana sukulu. Ine sindiwaweruza amai otere, chifukwa mantha ao ali ndi maziko. Koma tisautche mtendere umenewo. Ndi khola. Zhuangzi anasimba za mbalame ya kudambo yonga nkhwali, imene imayenda mtunda kuti itole kambeu kamodzi ndi mtunda wina wautali kuti imwe madzi, koma siifuna kusungidwa m'khola ngakhale muli chakudya chambiri.

Khola lina ndi lopaka utoto wa chipembedzo. Masiku ano kuli amai amene sangayambe ulendo, sangasaine kalata, sangamwe ngakhale mankhwala a kuchipatala asanaimbire foni munthu amene amamutcha papa. Agula madzi m'botolo, agula mafuta, agula kansalu, ndipo botolo likatha chikhulupiriro chathanso. Makolo athu a chikonzedwe cha Mpingo, kuyambira 1517, analimbana ndi chinthu chomwechi, pophunzitsa kuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha, monga timawerengera pa 1 Timoteo 2:5. Ndipo tisaloze chala kunja kokha. Ngakhale mu Mpingo wathu muli ena amene abusa akasamutsidwa, iwonso amasiya kupemphera. Ankapembedza yani?

Taonani munthu uja wa pa thamanda la Betesda. Anadwala zaka 38. Yesu atamufunsa ngati akufuna kuchira, iye sanayankhe funsolo. Anayamba kufotokoza kuti alibe munthu womulowetsa m'madzi akavunduka, ndipo anzake amamupitirira. Maso ake anali pa thamanda ndi pa mthandizi amene kunalibe, pamene Mwini moyo anali ataima pambali pa mphasa yake. Kudikira kwa zaka zambiri kunamuphunzitsa kuti chipulumutso chili ndi khomo limodzi lokha, khomo la madzi aja. Yesu sanamunyamule kupita naye kuthamanda. Anamuuza kuti adzuke, anyamule mphasa imene inkamunyamula.

Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, amene tinaphunzira m'kalasi tisanalowe mu Mpingo, amafotokoza pa funso 95 kuti fano ndi chilichonse chimene munthu waikapo chikhulupiriro chake m'malo mwa Mulungu, kapena pambali pa Mulungu. Mau akuti pambali ndiwo amatigwira ife. Palibe mai wa Chigwirizano amene anachotsa Mulungu. Timangomuikira mnzake pambali, woti atithandize Mulungu akachedwa. Yeremiya akufanizira munthu wokhulupirira munthu mnzake ndi kachitsamba ka m'chipululu, kokhala pa nthaka yamchere, kamene sikaona ngakhale zabwino zikafika.

Mpaka pano tayenda limodzi ndi Zhuangzi. Apa ndi pamphambano.

Iye akuti mankhwala a kudalira ndi kusadalira kanthu. Baibulo likuti cholengedwa chosadalira kanthu kulibe. Chiyeso cha m'munda wa Edene chinali chimenechi, choti munthu akhale ngati Mulungu, wosasowa wina. Yeremiya sakusiyanitsa kachitsamba kodalira ndi mtengo wosadalira ai. Mtengo wodalitsikawo nawonso ukudalira, ndipo ukudalira kwambiri, chifukwa mizu yake yonse yalunjika kumtsinje. Kusiyana kwake ndi kwakuti mtsinje umenewo suphwa, choncho chaka cha chilala masamba amakhalabe aawisi. Chilala chimafika kwa onse awiri. Katekisma yemweyo pa funso 27 amatchula mvula ndi chilala, zaka za zokolola ndi zaka za njala, kuti zonsezi sizibwera mwangozi, zimadzera m'dzanja la Atate. Mu 2024 minda ya Akhristu inapserera pamodzi ndi ya osapemphera, ndipo mu 2025 mvula inagwa pa onse.

Yesaya 40 nayenso ali ndi mbalame yake. Akuti amene amadikira Yehova adzalandira mphamvu zatsopano ndi kukwera m'mwamba ngati ziombankhanga. Taonani, liu lomwe lija la kudikira, limene kwa Zhuangzi ndi chingwe, kwa Yesaya ndi mapiko. Aliyense amene anayang'anapo nkhwazi kapena kabawi m'mwamba akudziwa kuti sizikupiza mapiko kawirikawiri. Zimangowatambasula, mphepo n'kuzinyamula. Sizichita manyazi kuti zikunyamulidwa.

Kunena mwachilungamo, munthu womasuka wa Zhuangzi naye amatsamira penapake, chifukwa amadzipereka kwa Tao kuti imutenge kulikonse. Koma Tao ya m'buku lake siimva pemphero, siidziwa dzina lanu, ndipo siinakhetsepo msozi. Anthu amene anamasulira Baibulo m'chinenero cha ku China, limene linatuluka mu 1919 ndipo likugwiritsidwabe nchito, atafika pa Yohane 1:1 anasankha liu lomweli la Tao kuti liimire Mau amene analipo pachiyambi. Mkhristu wa ku China akafika pa ndime 14 amawerenga chinthu chimene Zhuangzi sanachilotepo, chakuti Tao anasandulika thupi nakhala pakati pathu.

Ndipo taonani mmene anakhalira. Amene analenga mitsinje anayamwa bere la Mariya, nadikira kuti amai ake amusambitse. Atatopa pa chitsime cha ku Samariya anapempha madzi kwa mkazi amene mudzi wonse unkamunyoza. Luka 8 akutchula Mariya wa Magadala, Yohana ndi Suzana, ndi akazi ena ambiri, amene ankatumikira Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chao. Nsima ya Mwana wa Mulungu inkachokera m'thumba la azimai. Bulu wolowera ku Yerusalemu anali wobwereka, chipinda cha Mgonero chinali cha eni ake, mtanda anamusenzera Simoni wa ku Kurene, ndipo manda anali a Yosefe wa ku Arimateya. Komabe palibe munthu amene anayendapo pa dziko lino ali mfulu ngati Iye. Mfarisi atamuitana ku chakudya, Yesu anadya, ndipo ali pa tebulo pomwepo anamuuza mwini nyumbayo zoona. Khamu litafuna kumulonga ufumu chifukwa cha mikate, anachoka. Pilato atamuopseza ndi mphamvu zake, sanagwedezeke. Ankalandira kwa anthu ndi manja awiri, koma mtima wake unatsamira pa Atate okha, ndiye chifukwa chake palibe mphatso imene inamutseka pakamwa.

Pali nthano imodzi ya Zhuangzi imene ikutikhudza ife a Chigwirizano mwachindunji. Akuti kasupe akauma, nsomba zimatsala pamtunda zitaunjikana, ndipo zimanyowetsana ndi malovu kuti zisafe. Iye akuti n'kwabwino koposa kuti nsombazo zikhale m'mitsinje ndi m'nyanja, kumene zimaiwalana chifukwa palibe imene ikusowa inzake. Amene munaona mtsinje wa Chongwe m'mwezi wa October chaka cha chilala mukuchidziwa chithunzi chimenechi. Mbali ina akunena zoona, ndipo tiyenera kuimva. Malovu athu si mtsinje. Chilimba chathu, mbale ya ufa ya pamaliro, sopo amene timanyamula popita kuchipatala, zonsezi ndi zabwino koma sizingapulumutse moyo wa munthu. Mai amene amabwera ku Chigwirizano chifukwa chongofuna kuti akadzamwalira tidzamuimbire, wasandutsa gululi kukhala kampani ya maliro. Tikamupatsa ufa osamuonetsa mtsinje, tamunyenga.

Koma pa kuiwalana paja sindingamutsate. Mu mtsinje wa Khristu nsomba siziiwalana. Pa 1 Akorinto 12 diso silingauze dzanja kuti silikulifuna, ndipo chiwalo chimodzi chikamva kuwawa thupi lonse limamva. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Mulungu anakonza dala kuti thandizo lake lambiri lizidzera m'manja mwa anthu. Pa chilala cha m'masiku a Eliya, mtsinje wa Keriti utauma, anamutumiza mneneri kwa mkazi wamasiye wa ku Zarefati amene anatsala ndi kaufa ka m'dzanja.

Paulo akutionetsa mmene ziwirizi zimakhalira pamodzi. Akulemba kalata ya kwa Afilipi ali m'ndende. Mpingo wamutumizira mphatso kudzera mwa Epafrodito, amene anadwala pa ulendowo mpaka pang'ono kufa. Paulo akuti anaphunzira kukhala wokhutira m'zonse, pa njala ndi pokhuta pomwe. Liu la Chihelene limene analemba pamenepo linali lokondedwa ndi anzeru a nthawi imeneyo, ndipo kwa iwo linkatanthauza munthu wodzikwanira yekha, wosasowa wina, wofanana ndithu ndi munthu wa Zhuangzi. Koma Paulo nthawi yomweyo akuulula kumene mphamvuyo ikuchokera, kwa Iye amene amamulimbitsa. Kenaka akuwathokoza Afilipi kuti anachita bwino kugawana naye masautso. Werengani ndimeyi mofatsa muone. Sakupemphetsa, sakuwanyengerera kuti atumizenso, komanso sakunyoza mphatsoyo ngati munthu wonyada. Ndipo onani liu lakuti anaphunzira. Sizinamugwere tsiku limodzi. Ife aphunzitsi tikudziwa kuti phunziro lenileni limalowa mwa kubwereza, ndipo Paulo analibwereza m'ndende, m'nyanja ndi pa njala.

Mpingo wathu womwe unadutsa m'kalasi imeneyi. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anayamba nchito ku Magwero mu 1899. Mbusa woyamba wa kuno kwathu, a Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Koma kwa zaka zambiri ndalama, masukulu ndi zipatala zinali m'manja mwa mishoni, kufikira mu 1966 pamene Mpingo unalandira chimene timachitcha Umwini. Kuyambira pamenepo makolo athu anayenera kuphunzira kuti abusa adzadya chimene Akhristu apereka, ndipo ndani sadziwa kuti mbali yaikulu ya katunduyo inasenzedwa pamitu ya azimai, ndi malichero a ufa, nkhuku ndi nthochi? Umwini unali wofunika, ndipo tisaubweze kwa munthu aliyense wobwera ndi envulopu. Komabe funso loyamba la Katekisma limatikumbutsa kuti chitonthozo chathu m'moyo ndi mu imfa n'chakuti mwini wa ife si ife, koma Yesu Khristu amene anatigula. Mpingo unatha kuima pa miyendo yake chifukwa unali ndi Mwini.

Tsopano mau kwa ife amene Mulungu watipatsa kangachepe, amene timalandira malipiro pakutha pa mwezi kapena tili ndi kabizinesi. Ifenso tingathe kukhala khola la wina. Pali kupatsa kumene kumamanga munthu chingwe m'khosi. Mwamugulira yunifolomu, ndiye pa chisankho cha komiti ayenera kukuvoterani. Mukulipirira mwana wa mlamu wanu fizi, ndiye mai wake asatsegule pakamwa ngakhale mwanayo akugwira nchito m'nyumba mwanu ngati kapolo. Mtsikana amene munamutenga kumudzi ku Petauke kapena ku Katete kuti azikuthandizani, kodi ali ndi tsiku lopita ku tchalitchi, kodi mukumukonzera tsogolo loti tsiku lina adzaime payekha? Wopatsa wotere wakhala pa mpando wa Mulungu, ndipo mpandowo si wake.

Ngakhale m'gulu mwathu, pali amai amene takhala tikuwayendera ndi shuga ndi sopo kwa zaka zitatu, koma sitinawapemphepo kuti atsogolere pemphero kapena kuti abweretse kanthu. Tawaphunzitsa, mosadziwa, kugona pambali pa thamanda n'kumadikira ife. Eliya sanafike ku Zarefati ndi thumba la ufa. Anafika ndi pempho, ndipo wamasiyeyo anadyetsa mneneri masiku ambiri.

Choncho pa msonkhano wotsatira, amai mlembi abwere ndi buku lija timalembamo maina a amene timawathandiza. Tikatha kuwerenga Afilipi 4, tidutse dzina ndi dzina, tifunsane chimene aliyense wa iwo ali nacho chimene gulu likuchisowa. Wina amadziwa kuluka mphasa. Wina anasunga mbeu ya mapira ndi ya nyemba zamakolo. Wina maso anafooka koma nyimbo za m'buku amazidziwa pamtima, ndipo atsikana athu olowa kumene sazidziwa. Ndipo ngati pa mainawo pali wamasiye amene analandidwa katundu, tisankhe azimai awiri oti apite naye kwa akulu a Mpingo ndi ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, mwezi uno usanathe.